Amayi Pamsika, Pamsewu ndi Pantchito: Kutanthauzira Zithunzi Zapenti za Masiku Ano

Mawu Oyamba

Ife ophunzira chiyankhulo tinazolowera kuzukuta mawu. Akatipatsa ndakatulo kapena nthano, timafunsa kuti akuyankhula ndani, akuyankhula kwa yani, nanga amene sanapatsidwe mpata woyankhula ndani. Koma tikaima patsogolo pa chithunzi chapenti, ambirife timangoti "chakongola" kapena "chafanana ndithu", nkhani n'kuthera pomwepo. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti chithunzi nachonso chimawerengedwa, ndipo mafunso amene timafunsa pa nthano amagwiranso ntchito pa chithunzi. Ndasankha mutu umodzi: momwe amisiri ojambula a masiku ano amaonetsera amayi m'malo a anthu onse.

Ndikati malo a anthu onse ndikutanthauza malo amene munthu aliyense angathe kufikapo popanda kuodira, monga msewu, msika, depoti, sitolo ndi saluni. Ndikati zithunzi zapenti ndikunena zojambulidwa ndi dzanja pansalu, pathabwa kapena pakhoma, kusiyana ndi zojambula ndi kamera. Ndiyamba ndi mawu amene timagwiritsa ntchito m'Chichewa ponena za mkazi amene ali kunja kwa nyumba. Kenaka ndifotokoza mwachidule kumene mkangano wa nkhaniyi unayambira, ndipo ndiunika ntchito za amisiri anayi a nthawi yathu ino. Ndimaliza ndi zithunzi zimene zimajambulidwa kwathu kuno.

Zimene Chiyankhulo Chimaulula

M'Chichewa tikamva kuti mwamuna wina ndi woyendayenda, tikhoza kuganiza zambiri. Mwina ndi wamalonda amene lero ali ku Limbe, mawa ku Mchinji. Mwina ndi munthu wosakhazikika chabe. Koma mawu akuti "mayi woyendayenda" ali ndi tanthauzo limodzi lodziwika, ndipo ndi mawu aulemu amene wayilesi ndi nyuzipepala zimatchulira mkazi wogulitsa thupi. Mneni ndi yemweyo, "kuyenda", koma akakhala pa mkazi wasanduka mlandu.

Chodabwitsa n'chakuti amayi ndiwo amadzaza malo ambiri a anthu onse. Pitani pamsika uliwonse mukaone amene akugulitsa tomato, masamba, usipa ndi mandasi. Pitani kuchigayo, pamjigo kapena kusikelo. Choncho vuto silili pakuti mkazi saoneka pagulu. Vuto lili pa chifukwa chimene anthu amavomereza kuti aonekere. Mkazi wosenza dengu palibe amene amamufunsa kumene akupita. Mkazi amene wangokhala pabenchi manja ali lende, kapena amene akuwongola miyendo madzulo ali yekha, ndiye anthu amamuyang'ana kawiri. Katundu wapamutu ali ngati chiphaso chomuloleza kuyenda.

Mfundo imeneyi ndiyo kiyi wanga powerenga zithunzi. Pa chithunzi chilichonse ndimafunsa kuti: kodi mkaziyu wapatsidwa chiphaso chotani kuti apezeke pamalo amenewa, ndipo wamupatsa ndani?

Kumene Mkangano Unayambira

Akatswiri a mbiri ya zaluso amakonda kuyambira nkhaniyi mumzinda wa Paris chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. M'chaka cha 1882 Édouard Manet anamaliza chithunzi chotchedwa A Bar at the Folies-Bergère, chimene chimasungidwa ku Courtauld Gallery mumzinda wa London. Pachithunzipo pali mtsikana wogulitsa zakumwa, ataima kuseri kwa kauntala, manja atatsamiza patebulo pamene pali mabotolo ndi mbale ya malalanje. Kumbuyo kwake kuli galasi lalikulu. M'galasimo tikuona chikhamu cha anthu, komanso mwamuna wovala chipewa chachitali amene akuyankhula naye. Mwamunayo waima pamalo pamene woonera chithunzi amaima. Mwa njira imeneyi Manet watisandutsa tonse makasitomala, ndipo nkhope yotopa ya mtsikanayo ikuyang'ana ife.

Zaka zinayi m'mbuyo mwake, mu 1878, Mary Cassatt, mayi wa ku America amene ankakhala ku Paris komweko, anajambula In the Loge. Apa tikuona mayi wovala zakuda ali m'nyumba ya zisudzo, akuyang'ana kutsogolo ndi magalasi oonera patali. Chapatali pali mwamuna amene waloza magalasi ake kwa mayiyo. Mayiyu wabwera kudzaona, koma wina wamusandutsa choonedwa, ndipo iye alibe naye ntchito.

Zithunzi ziwirizi zinadzakhala zitsanzo zofunika pamene akatswiri anayamba kufunsa za diso la woonera. M'buku lake la 1972, Ways of Seeing, John Berger anafotokoza kuti m'zojambula zambiri za ku Ulaya mkazi amajambulidwa poganizira kuti woonera ndi mwamuna, ndipo mkaziyo amaphunzira kudziyang'anira yekha ndi diso la mwamunayo. Mu 1988 Griselda Pollock, m'buku la Vision and Difference, anaonetsa kuti Cassatt ndi mnzake Berthe Morisot ankajambula kwambiri zipinda zochezera, makonde, minda yamaluwa ndi nyumba za zisudzo chifukwa mkazi waulemu wa nthawi imeneyo sakanatha kulowa yekha m'malo omwera mowa amene amuna anzawo ojambula ankachezako. Phunziro lake ndi lakuti kumene wojambula amaloledwa kufika n'kumene kumasankha zimene adzajambule.

Caroline Walker: Ntchito Yosawerengedwa

Caroline Walker anabadwa mu 1982 ku Dunfermline, m'dziko la Scotland, ndipo anaphunzira ku Glasgow School of Art ndi ku Royal College of Art. Mbiri yake inakula chifukwa chojambula amayi ali pantchito mumzinda wa London: okonza zikhadabo, oyala mabedi m'mahotela, atelala, operekera zakudya ndi ogulitsa m'masitolo. Mu 2021 zithunzi zake zinaonetsedwa ku Birmingham pa chionetsero chotchedwa Women's Work. Kajambulidwe kake kamayamba ndi kamera, kenaka pensulo, kenaka tizithunzi tating'ono tapenti, pomaliza nsalu yaikulu.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuziona m'zithunzi zake. Choyamba ndi kukula kwa nsalu. Kale ku Ulaya nsalu zikuluzikulu zinkasungidwira mafumu, nkhondo ndi nkhani za m'Baibulo. Walker amatenga nsalu yotere n'kuikapo mayi amene akupukuta galasi kapena kupinda thawulo. Kukula kokhako kukunena kuti ntchito iyi ndi yoyenera kuimirira n'kuiyang'ana. Chachiwiri ndi pamene watiimika. Kawirikawiri timaona mayiyo kudzera pazenera la sitolo kapena pakhomo lotsekula pang'ono, ife tili panja mumdima, iye ali m'kati mowala magetsi. Sakutiyang'ana, maso ali pantchito yake.

Kaimidwe kameneka kakhoza kutanthauziridwa pawiri. Wina anganene kuti ndi ulemu: wojambula sanamusokoneze mayiyo, sanamuuze kuti amwetulire. Wina anganene kuti n'kusuzumira, chifukwa ife tikumuona iye asakudziwa. Ine ndikuona kuti mphamvu ya zithunzizi ili pomwepo. Zenera likutikumbutsa kuti tsiku lililonse timadutsa amayi oterewa osawaona, ndipo tsopano pamene tawaona, tikuchita manyazi pang'ono ndi kayang'anidwe kathu. Koma pali funso lina limene zithunzizi sizingathe kuyankha. Chithunzi chimodzi cha Walker chimagulidwa ndi ndalama zimene mayi wokonza zikhadabo sangazipeze pa zaka zambiri, ndipo chikagulidwa chimakapachikidwa m'nyumba imene mwina mayi wina ngati yemweyo amakolopa. Kuoneka pansalu sikukweza malipiro a munthu.

Jordan Casteel: Nkhope ndi Dzina

Jordan Casteel anabadwira ku Denver, m'dziko la America, mu 1989. Atamaliza maphunziro ku Yale mu 2014, anakagwira ntchito yake ku Studio Museum in Harlem, mumzinda wa New York, m'zaka za 2015 ndi 2016. Kumeneko anayamba kujambula anthu amene ankakumana nawo mumsewu: eni masitolo, ogulitsa malonda m'mbali mwa msewu ndi anthu ongokhala pabenchi. Njira yake ndi yosiyana ndi ya Walker. Iye amayamba wapereka moni, n'kudzifotokoza, n'kupempha chilolezo. N'chifukwa chake anthu a m'zithunzi zake amayang'ana woonera m'maso, ndipo zithunzi zambiri amazitcha mayina a eni nkhopezo.

Chitsanzo chabwino ndi The Baayfalls cha 2017. Pachithunzichi pali mayi wogulitsa zipewa zimene amazikonza yekha, atakhala pafupi ndi tebulo lake la malonda kunja kwa nyumba yosungiramo zaluso ija, pamodzi ndi mchimwene wake. Chakumapeto kwa 2019 chithunzichi chinajambulidwanso pakhoma lalikulu m'mbali mwa High Line, njira yodutsamo anthu oyenda pansi mumzinda womwewo. Mayi amene ankagulitsa panja pa nyumba ya zaluso anabwereranso mumsewu, tsopano ali wamkulu kuposa onse odutsa.

Apa chiphaso chija chasintha. Mayiyu ali ndi malonda, inde, koma chithunzichi sichikumuonetsa akuthamangira kasitomala. Wakhala phee ngati mwini malo, ndipo ife ndife alendo amene tafika pamalo pake. M'chikhalidwe chathu timadziwa kusiyana kwa munthu amene wangokudutsa ndi amene waima n'kukupatsa moni. Casteel amajambula ngati munthu amene wapereka moni. Kumene munthu wakhala, kumene maso ake aloza ndiponso dzina la chithunzi, zonsezi zili ngati mneni ndi mwininkhani m'chiganizo. Mwa Walker mayi ndi "iye", munthu amene tikumukamba. Mwa Casteel mayi ndi "inu", munthu amene tikuyankhula naye.

Michael Armitage: Msewu Ukasanduka Bwalo la Milandu

Si nthawi zonse pamene malo a anthu onse amakhala a mtendere kwa mkazi. M'mwezi wa November 2014, gulu la amuna linavula mayi wina pamalo okwerera basi mumzinda wa Nairobi, ati chifukwa cha kavalidwe kake. Ena anajambula nkhanzazo pafoni n'kuzifalitsa pa intaneti. Pa 17 November amayi ndi abambo ambiri anachita zionetsero mumzindawo pansi pa mutu wakuti #MyDressMyChoice.

Chaka chotsatira, mu 2015, Michael Armitage, mmisiri wobadwira ku Nairobi mu 1984, anajambula chithunzi n'kuchitcha dzina lomwelo. Armitage sajambula pansalu wamba. Amagwiritsa ntchito lubugo, chiwondo cha ku Uganda chimene amachisula kuchokera ku khungwa la mtengo wa mutuba, wa m'gulu la mikuyu. Chiwondochi chimakhala ndi mabowo ndi misoko, ndipo kwawoko ntchito yake ina n'kukulungira maliro. Pachithunzipo pali mkazi wosavala atagona chammbali, ndipo chakumtunda kukuoneka mapazi a amuna amene amuzungulira. Kagonedwe ka mkaziyo Armitage anakatenga ku chithunzi chotchuka cha Diego Velázquez cha m'zaka za m'ma 1600, chodziwika ndi dzina lakuti Rokeby Venus, chimene chili ku National Gallery ku London.

N'chifukwa chiyani wojambula angatenge nkhani yowawa chotere n'kuiveka maonekedwe okongola? Kutanthauzira kwanga n'kwakuti Armitage watchera woonera msampha. Poyamba diso limakopeka ndi mitundu yofewa ndi thupi logona mwaulemerero, monga momwe anthu akhala akusirira Venus uja kwa zaka mazana atatu ndi kuposerapo. Kenaka diso limakwera n'kupeza mapazi aja, ndipo woonera amazindikira kuti nayenso waima m'bwalo lomwelo. Nkhope za amunawo sizikuoneka, choncho palibe munthu mmodzi amene tingamuloze chala kuti tidzichotse pamlandu. Funso la Manet lija labweranso, koma tsopano ndi lakuthwa: kodi kuyang'ana kwa munthu wokonda zaluso kukusiyana pati ndi kuyang'ana kwa gulu lija?

Pali amene angatsutse njira imeneyi, ndipo ali ndi mfundo. Mayi amene anavulidwa pamsewu wavulidwanso pachiwondo, ndipo anthu akulipira kuti amuone. Chithunzi chimene chikudzudzula nkhanza chikhoza kuibwereza. Wowerenga chithunzi ayenera kusunga mfundo zonse ziwiri m'mutu mwake.

Nkhaniyi si yachilendo kwa ife. M'chaka cha 1973 boma la Malawi linakhazikitsa lamulo la kavalidwe lotchedwa Decency in Dress Act, limene linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi pagulu, ndipo linagwira ntchito mpaka pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha. M'nyengo yomweyo amayi a mbumba ankavina pamisonkhano atavala nsalu zokhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda, thupi la mkazi litasanduka khoma lopachikapo chithunzi cha mtsogoleri. Lamulo lija linatha, koma maganizo ake anatsala. Mu January 2012 amayi ena anavulidwa m'misewu ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu chifukwa chovala mathalauza ndi masiketi aafupi, mpaka amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, ndipo mtsogoleri wa dziko panthawiyo, Bingu wa Mutharika, ananena poyera kuti amayi ali ndi ufulu wovala zimene akufuna. Munthu wa ku Malawi akaona chithunzi cha Armitage safunikira womumasulira.

Billie Zangewa: Mkazi Woposa Mzinda

Mmisiri wachinayi ali ndi mizu kwathu kuno. Billie Zangewa anabadwira ku Blantyre mu 1973, anakulira ku Botswana, n'kukaphunzira ku Rhodes University ku South Africa, ndipo ntchito yake inakhwimira mumzinda wa Johannesburg. Iye sagwiritsa ntchito burashi. Amadula zidutswa za nsalu ya silika yamitundumitundu n'kuzisoka ndi dzanja, koma zotsatira zake zimawerengedwa ngati chithunzi chapenti, chokhala ndi kuwala, mthunzi ndi kuya. Ndamuphatikiza pano chifukwa kusankha singano ndi ulusi n'kuyankha kale funso lathu: luso limene anthu amati ndi la amayi pakhomo iye walitengera m'nyumba zoonetseramo zaluso.

Mu 2010 Zangewa anasoka The Rebirth of the Black Venus. Dzinali likukumbutsa chithunzi chakale cha Sandro Botticelli chimene chimaonetsa Venus akutuluka m'nyanja. Kwa Zangewa nyanja kulibe. Pali nyumba zosanjikizana za mu Johannesburg, ndipo pamwamba pake pali mkazi wakuda, wamkulu kuposa nyumba zonsezo, thupi lake litakulungidwa ndi kansalu kopyapyala. Mkaziyo ndi Zangewa mwini wake.

Tikaika chithunzichi pambali pa cha Armitage, tikuona kuti onse awiri abwereka Venus wa ku Ulaya, koma amugwiritsa ntchito mosiyana. Wa Armitage wagona pansi, anthu akumuyang'ana kuchokera pamwamba. Wa Zangewa ali m'mwamba, mzinda uli kunsi kwa mapazi ake. Wa Armitage wavulidwa ndi ena. Wa Zangewa wasankha yekha chimene aonetse, popeza wojambula ndi wojambulidwa ndi munthu mmodzi. Alibe dengu, alibe mwana kumbuyo, alibe malonda. Wapezeka mumzinda popanda chiphaso chilichonse, ndipo palibe amene angamufikire kuti amufunse.

Zithunzi za Kwathu: Mtsuko, Mwana ndi Dzuwa Lolowa

Tsopano tibwerere kumudzi. Aliyense amene anayendako m'misika ya ziboliboli ku Lilongwe, ku Senga Bay, ku Cape Maclear kapena ku Nkhata Bay akudziwa chithunzi chimene ndikufuna kunena. Amayi atatu kapena anayi, aatali, oonda, akuyenda mondondozana. Pamutu pali mtsuko kapena mtolo wa nkhuni, kumbuyo kuli mwana. Chapatali pali mlambe, ndipo dzuwa lofiira likulowa m'nyanja. Kawirikawiri amayiwa alibe nkhope, pamalo pa nkhope pali banga lakuda chabe. Zithunzi zina zimaonetsa amayi akusinja pamtondo kapena atakhala pamsika ndi malichero.

Ndiyambe ndi zabwino zake. Ntchito zimene zikuonetsedwazi ndi zenizeni, ndipo amayi ambiri amazigwira tsiku ndi tsiku. Amisiri ena amadziwa kuyala mitundu ya zitenje mokoma, ndipo mzere wa amayi oyenda umakhala ndi kayendedwe konga ka gule. Komanso wojambula ayenera kudya. Amajambula chimene chimagulidwa.

Koma tiyeni tifunse chimene chikusowa. M'zithunzizi mulibe foni, mulibe minibasi, mulibe chigubu chapulasitiki chimene chinalowa m'malo mwa mtsuko m'midzi yambiri. Mulibe namwino akudikira basi m'mamawa, wapolisi wamkazi akuimitsa galimoto pamsewu, mayi wa Airtel Money kapena Mpamba ali m'kanyumba kake, amayi a banki mkhonde akuwerengetsera ndalama pansi pa mtengo, kapena mtsikana wa payunivesite atakwera kabaza. Onsewa ndi amayi a m'malo a anthu onse a Malawi wa lero. Chifukwa chake n'chosavuta kuchipeza: wogula wamkulu ndi mlendo wodzaona dziko, ndipo mlendo amafuna kunyamula chithunzi cha Africa amene anali naye kale m'maganizo asanakwere ndege. Mkazi wopanda nkhope amamuyenera bwino, chifukwa sangamuyang'ane m'maso. Iye si munthu wa dzina, ndi chizindikiro cha dziko, cha umphawi wokongola kapena cha mwambo. Ndipo nthawi zonse ali ndi katundu, chiphaso chija.

Yerekezani zithunzi zimenezi ndi zimene zimajambulidwa pamakoma ndi pamatabwa a masaluni m'misika yathu, ngakhale kuti masiku ano zambiri zikulowedwa m'malo ndi mapepala osindikiza. Wogula apa ndi mayi wa m'dera lomwelo. Chifukwa cha ichi, mkazi wa pakhoma la saluni ali ndi nkhope, maso, ndolo ndi tsitsi lomangidwa mwa masitayilo a nyengo imeneyo. Sanasenze kanthu. Mmisiri wake akhoza kukhala wosaphunzira kwambiri poyerekeza ndi wa kunyanja uja, koma chithunzi chake chikunena zoona zambiri za mkazi wa m'tauni. Kusiyana kwa zithunzi ziwirizi kukuchokera kwa amene akuyembekezeka kuziona.

Tisaganizenso kuti kujambula ndi luso la amuna lokha limene amayi angolowamo dzulo. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zina mwa zojambula zoyera za kumeneko zimagwirizana ndi chinamwali cha atsikana, kutanthauza kuti zinali zophunzitsira za amayi okhaokha. M'midzi yambiri amayi ndiwo amakongoletsa makoma a nyumba ndi dothi lamitundu. Dzanja la mkazi lakhala likujambula kuyambira kale. Chimene chachedwa n'chakuti dzanja limenelo lijambule msika ndi msewu, ndipo chithunzicho chipeze khoma lopachikapo.

Mafunso Anayi Othandiza Wowerenga

Kuchokera pa zitsanzo zimenezi ndikupereka mafunso anayi amene wophunzira angagwiritse ntchito akakumana ndi chithunzi cha mkazi pagulu.

Funso loyamba: kodi mkaziyu ali kuti, ndipo akuchita chiyani? Tione ngati wojambula wamupatsa ntchito kuti apezeke pamenepo, kapena wamulola kungokhala.

Funso lachiwiri: kodi ine woonera ndaimikidwa pati? Ndikhoza kukhala kasitomala monga mwa Manet, wosuzumira pazenera monga mwa Walker, mlendo wolonjeredwa monga mwa Casteel, kapena mmodzi wa gulu lozunza monga mwa Armitage.

Funso lachitatu: kodi ali ndi nkhope ndi dzina? Kusowa kwa nkhope nthawi zina kumateteza munthu, nthawi zina kumamufufuta. Tiyenera kuona kuti pachithunzi ichi chachitika n'chiti.

Funso lachinayi: kodi chithunzichi chajambulidwira yani, ndipo ndalama zake zipita kuti? Yankho la funso limeneli kawirikawiri limamasulira mayankho a atatu enawo.

Mawu Omaliza

M'nkhani ino ndayesa kuonetsa kuti zithunzi za amayi m'malo a anthu onse zimanyamula maganizo a anthu pa funso lakuti malo oyenera mkazi ndi ati. Walker akutionetsa ntchito imene timaidutsa osaiwerengera. Casteel akubweza nkhope ndi dzina. Armitage akutikumbutsa kuti kuyang'ana kukhoza kukhala nkhanza, pamene Zangewa akuonetsa mkazi amene watenga mzinda kukhala wake. Zithunzi zogulitsa alendo kwathu kuno, ngakhale zili ndi luso lake, zimamusunga mkazi pansi pa mtsuko.

Sindikunena kuti chithunzi chingaletse munthu kuvula mnzake pamsewu. Malamulo, apolisi ndi makhoti ndiwo ali ndi ntchito imeneyo. Koma gulu limene limavula mkazi limakhala ndi chithunzi chake m'mutu cha momwe mkazi woyenera amaonekera, ndipo chithunzi chimenecho chimamangidwa pang'onopang'ono ndi mawu, nyimbo, maulaliki ndi zojambula. Mwana amene wakula akuona mkazi wosenza yekhayekha pakhoma adzadabwa akadzaona mkazi wongoyenda. Apa m'pamene ophunzira chiyankhulo tili ndi gawo. Chichewa chili ndi mawu ochuluka ozukutira nthano, miyambi ndi magule, koma zolembedwa zozukuta zithunzi m'chiyankhulochi n'zochepa. Tikayamba kulemba za zithunzi m'chiyankhulo chimene mayi wa pamsika amamva, iyenso adzatha kunena ngati amene ali pansaluyo ndi iye kapena ayi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chithunzi nachonso chimaulula zake kwa munthu amene waima nthawi yaitali n'kufunsa mafunso.